Chimfine Chikakana Kutha



Ndani mwa inu anadwalapo chimfine, kenako masaya n'kumawawa, mutu n'kumalemera mukawerama? Kawirikawiri imeneyo ndi sinusitis. M'mafupa a nkhope muli timphako ta mpweya: pamphumi, m'masaya, pakati pa maso ndi kuseri kwa mphuno. M'timphakomo mukatupa, mamina amasowa potulukira.

Mtundu wofala umatha milungu 4 isanakwane, ndipo nthawi zambiri umayamba ndi mavairasi. Maantibayotiki sapha mavairasi. Choncho amayi kapena azakhali akakutulutsirani amoxicillin wotsala m'kabati, akanireni mwaulemu. Pumani, imwani paracetamol, tsukani m'mphuno ndi madzi amchere owiritsa ndi kuziziritsa. Mankhwala opopera otsegula mphuno ndi a masiku ochepa chabe, mukawapitiriza mphuno imatsekeka kuposa kale.

Pakadutsa masiku 10 osapeza bwino, kapena munayamba kuchira kenako zafikanso poipa, mwina ndi mabakiteriya. Kaonaneni ndi dokotala. Ku England, kuyambira 2024, wogwira ntchito ku famase amathanso kuthandiza aliyense wa zaka 12 kupita m'mwamba.

Matendawa akapitirira milungu 12 ndiye kuti akhazikika. Pamenepo madokotala amapereka mankhwala opopera a steroid, nthawi zina amachita opaleshoni. Palinso mtundu woyamba ndi mafangasi, woopsa kwa odwala shuga ndi omwe chitetezo cha m'thupi chinatsika.

Chomaliza, ndipo mukauzekonso makolo kunyumba: diso likatupa, mukayamba kuona mwachimbuuzi kapena khosi likauma, musadikire kuti kuche. Thamangirani kuchipatala.