KUGAWIRA ENA NCHITO PAMENE MALONDA AKUKULA

M'phunziro lathu la lero tikamba za mwini malonda amene nchito yamukulira, kotero kuti manja ake awiri sangathe kuigwira yonse.

Tiyerekeze mai wina wa ku Chipata amene anayamba ndi kugulitsa mcere, sopo ndi shuga pa kathebulo. Masiku amenewo anali kucita zonse yekha. Tsopano ali ndi sitolo, ndipo pambali pake waikapo cigayo. Katundu wambiri amakapikula ku Kamwala mu Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550, umene umamudyera masiku awiri kapena atatu. Kodi acite ciani? Akatseka sitolo, ogula adzapita kwina, ndipo ena sadzabweranso. Akaleka ulendo, katundu adzamuthera. Njira yotsala ndiyo kusiya makiyi m'manja mwa munthu wina, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Apa ndi pamene eni malonda ambiri amalephera. Amalemba anchito, koma osawalola kugwira ndalama kapena kuganiza okha, poopa kuberedwa. Mantha amenewa si acabe, cifukwa anchito osakhulupirika alipodi. Komabe malonda odalira munthu mmodzi amaima tsiku limene iye wadwala malungo kapena wapita ku maliro.

Vuto limeneli n'lakalekale. M'buku la Eksodo, mutu 18, timawerenga kuti Mose anali kuweruza milandu yekha kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Mpongozi wake Yetero anamulangiza kuti asankhe anthu okhulupirika oyang'anira magulu a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10, ndi kuti iye azimva milandu yaikulu yokha.

Nanga mai wathu uja angadziwe bwanji munthu woyenera kumkhulupirira? Coyamba, ayambe ndi zazing'ono. Wanchito watsopano ayambe kusesa ndi kulongedza katundu, kenaka agulitse mwini wake ali pomwepo, ndipo pambuyo pake atsale yekha tsiku limodzi. Caciwiri, amuuze momveka malire a udindo wake: kuti angagulitse, koma ngongole asapereke popanda kufunsa.

Cacitatu, ndipo ici ndico cacikulu, pakhale buku lolembamo katundu ndi ndalama. Ana inu, tengani mapensulo tiwerengere pamodzi. M'mawa munali mapaketi a shuga 20, madzulo atsala 12. Agulidwa angati? Inde, 8. Ngati paketi iliyonse ndi K30, m'kabati muyenera kupezeka K240. Mwini ndi wanchito akamawerenga conci onse awiri, mwini sagona ndi nkhawa, ndipo wanchito wolungama sanamiziridwa kuba. Buku limateteza onse awiri.

Cacinai, wanchito alipidwe pa nthawi yake, ayamikiridwe akacita bwino, ndipo akalakwa adzudzulidwe pambali, osati pamaso pa ogula. Munthu amene amalemekezedwa amasamala katundu wa mnzake monga wakewake.

Inu aphunzitsi, khalidwe limeneli limayambira pa sukulu. M'caka ca 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti masukulu azikhala ndi nchito zopindulitsa monga ulimi ndi kuweta ziweto. Ngati pa sukulu panu pali dimba, musasunge zonse m'manja mwanu. Mwana mmodzi asunge makasu, wina alembe mitolo ya repu imene yagulidwa, winanso awerenge ndalama inu mukuona. Mwana amene wasunga bwino makasu khumi lero adzatha kusunga makiyi a sitolo mawa.

Tsopano kambiranani mafunso awa m'kalasi. Kodi ndi cifukwa ciani mai uja sangathe kucita zonse yekha? Kodi buku la malonda limathandiza bwanji wanchito? Ndi udindo wotani umene inu mwapatsidwa kunyumba kapena ku sukulu, ndipo mukuusunga motani?

Tsalani bwino mpaka tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.