ZA CIKALATA COFUNIRA NCHITO

Kale munthu wofuna nchito pa mgodi anali kuima pa mzere kunja kwa ofesi m'mamawa, ndipo kapitao anali kuyang'ana msinkhu wace ndi mphamvu zace. Masiku ano cimene ciyamba kuoneka ndico pepala. Ku Kansanshi ku Solwezi, ku Mopani ku Kitwe, ngakhale m'masitolo a ku Lusaka, olemba anthu nchito afuna cikalata cofotokoza mbiri ya munthu, cimene ambiri acicha CV. Kalaliki woziwerenga ali ndi mulu waukuru pa tebulo pace, ndipo sacedwa pa cikalata cimodzi.

Tsono anthu ambiri adzaza pepala ndi mau odzitama, kuti ali akhama, omvera ndi okhulupirika. Mau otere awalemba onse, ngakhale aulesi amene, cotero kalaliki angowapitirira. Cimene iye afuna kudziwa ndico nchito imene manja a munthuyo anaigwira. Wina alemba kuti, "Ndinagwira nchito pa mgodi," nalekeza pomwepo. Mnzace alemba kuti anayendetsa makina oboola mwala pansi pa nthaka ku Mufulira kuyambira 2015 kufikira 2021, nachula dzina la makinawo ndi ciwerengero ca anthu amene anawayang'anira. Kapena woyambayo ndiye aposa pa luso, koma woitanidwa ndi waciwiriyu.

Mapepala a maphunziro achulidwe poyera pamodzi ndi zaka zace: setifiketi ya Grade 12, ya umisiri ya TEVETA, ndi ya silikosi imene ipatsidwa atapima cifuwa. Masamba awiri akwanira.

Za bodza ziyenera kunenedwa kolimba. Cilolezo cophulitsa miyala cicokera ku boma, ndipo kampani ikhoza kufunsa kumeneko. Wolemba kuti ali naco pamene alibe adzacotsedwa ndi manyazi. Koma akapanda kugwidwa msanga ndipo poipa koposa, pakuti anzace otsika naye m'mgodi aika moyo wao m'manja mwa munthu wosadziwa cimene acita.

Pothera alembe maina a anthu awiri omcitira umboni. Asakhale amalume ace kapena mlamu wace, koma kapitao wakale kapena mphunzitsi amene anaona nchito yace ndi maso. Ayambe wawapempha, kuti lamya ikalira asayankhe kuti, "Ameneyo ndani?"