Kasungidwe ka Masiku m'Kompyuta

Madzulo ano ndilankhula makamaka ndi achinyamata amene mwayamba kumene kulemba mapulogalamu a kompyuta.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina m'chigwa cha Domasi wakupemphani kuti mumkonzere kaundula wa ana ndi makolo awo. Woyamba kumene amafulumira kusunga tsiku monga momwe amalembera m'kope: 6/7/64. Mmalaŵi aŵerenga kuti ndi 6 Julayi 1964, tsiku limene tinalandira ufulu. Mnzathu wa ku America aŵerenga kuti ndi 7 Juni. Nanga 64 ameneyu ndi 1964 kapena 2064? Chizoloŵezi chodula chaka choterechi ndicho chinasautsa maiko ambiri poyandikira chaka cha 2000.

Mankhwala ake ndi kulekanitsa kusunga ndi kuonetsa. Posunga, ikani chaka chathunthu, kenaka mwezi, pomaliza tsiku: 1964-07-06, monga unakhazikitsira muyezo wa ISO 8601 m'chaka cha 1988. Masiku olembedwa chotere amandandalika okha kuyambira lakale kufikira latsopano. Kuonetsa kukhale ntchito ya gawo lina la pulogalamu, lotenga dzina la mwezi pa mndandanda umodzi, kuti kholo liŵerenge "6 Julayi 1964" popanda chikaiko.

Pulogalamu yanu idziŵenso kukana. Tsiku la 31 Epulo kulibe. La 29 Febuluwale limabwera m'chaka chogaŵika ndi 4, koma chaka chogaŵika ndi 100 chimafunika chigaŵikenso ndi 400. N'chifukwa chake 2000 chinali nalo pamene 1900 chinalibe.

Koma chovuta chenicheni kwathu kuno ndi china, ndipo mabuku akunja sachilabadira kwenikweni. Agogo olera mwana wamasiye mukaŵafunsa tsiku lobadwa, adzayankha kuti anabadwa chaka cha njala, kutanthauza 1949. Mwezi saudziŵa. Pulogalamu youmirira tsiku lathunthu imakakamiza kalaliki kupeka 1 Januwale, ndipo bodzalo likaloŵa m'kaundula limaoneka ngati choonadi, mpaka litadzatsutsana ndi chitupa cha unzika pa tsiku limene agogowo akufuna thandizo. Ine ndiona kuti kumeneku ndi kulakwira munthu.

Choncho onjezani malo amodzi osonyeza ngati tsikulo ndi lotsimikizika kapena longoyerekeza. Likakhala longoyerekeza, pulogalamu ionetse chaka chokha: "cha m'ma 1949".