Chifukwa chake Fanta wotentha amathawa m'botolo

Ine ndimakhala konkuno ku Mateus Sansão Muthemba, ndipo ndimalima dimba la tomato ndi masamba ku Nhartanda. Lero sindiyankhula za dimba ayi. Ndabwera ndi nkhani ya zakumwa za m'mabotolo, chifukwa ambiri a ife timagulitsako kuti tipeze ya mbewu ndi feteleza.

Mu Okutobala 2023 ndinatenga ndalama ya tomato n'kukapikula makileti awiri a Fanta ndi Coca-Cola, kuti ndikagulitse kumpira. Ndinawamanga panjinga masana dzuwa lili paliwombo. Inu mukudziwa Tete wathuyu, miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Nditafika sindinadikire. Botolo loyamba nditangoti tsegu, linangoti fwaa, thovu lonse pamalaya a kasitomala, theka la chakumwa pansi. Lachiwiri chimodzimodzi. Bambo wina analawa chotsalacho n'kuti, "Achimwene, awa ndi madzi a shuga, mundibwezere ndalama yanga." Ena anayamba kunong'onezana kuti ndikugulitsa zachinyengo. Kutaya ndalama kunandiwawa, koma mawu amenewa ndi amene anandisowetsa tulo, chifukwa mbiri ikaipa ngakhale tomato wako anthu amamulambalala.

Amene anandimasulira ndi mwana wa achemwali anga, wa ku sekondale. Akuti chija chimaluma pakhosi tikamamwa ndi gasi wotchedwa kaboni dayokisaidi. Kufakitale amamulowetsa mwamphamvu m'chakumwa chili chozizira, n'kutseka msanga. Madzi ozizira amagwira gasi wambiri, otentha amamutaya. Madzi oyandikira kuundana amasunga gasi pafupifupi kawiri kuposa madzi a madigiri 20, ndipo pafupifupi katatu kuposa a madigiri 40. Ndiye botolo likakhala padzuwa, gasi amachoka m'chakumwa n'kukadzazana kukhosi kwa botolo, kumakankha chitsekerero. Ukawonjeza kukhutchumula kwa njinga m'mabampu, ndiye kuti watukusira moto. Potsegula gasi amatuluka nthawi imodzi, atanyamula chakumwa. Chotsalacho n'chozizirira, chopanda ukali.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti botolo likatentha koma lisanatsegulidwe, gasi sanapite kulikonse, ali momwemo. Ukaliziziritsa n'kulisiya phee kwa maola angapo, gasi uja amabwerera m'chakumwa. Ndiye kuti tsiku lija ndikanangodekha, sindikanaluza. Ndinayesa ndekha kunyumba ndi mabotolo awiri, lina padzuwa, lina m'ndowa ya ayezi. La m'ndowa linangoti psii pang'ono basi.

Koma a pulasitiki ndi nkhani ina. Pulasitiki amadutsitsa gasi pang'onopang'ono ngakhale chitsekerero chili chomanga, ndipo kukatentha amathawa msanga. Galasi satero. N'chifukwa chake ine masiku ano a pulasitiki ndimapikula ochepa, oti athe sabata yomweyo. Aja timawaona atayalidwa padzuwa m'mbali mwa msewu kuti anthu awaone, ine ndimati kuli bwino kuika mabotolo opanda kanthu pachionetsero, enieniwo akhale pamthunzi.

Amene muli ndi firiji, musaike mabotolo mmene mumaundanitsa madzi n'kuiwala. Madzi akaundana amafufuma, botolo lagalasi limaphulika, ndipo magalasiwo angacheke mwana. Ife opanda firiji, ine ndimatere: ndimakapikula m'mamawa dzuwa lisanakwere, kileti ndimaifunditsa chiguduli chonyowa n'kuiika pamthunzi podutsa mphepo. Chiguduli chikamauma chimachotsa kutentha, monga mmene mtsuko umaziziritsira madzi. Nyengo yachilimwe mphepo ya kuno imakhala youma, ndiye zimagwira bwino, bola kumathirako madzi pafupipafupi. Sizifika pa ayezi, komabe botolo silikulavulira. Ayezi ndimagula ndikatsala pang'ono kuyamba kugulitsa, ndipo ndimamuika m'ndowa pamodzi ndi madzi, chifukwa madzi amakhudza botolo lonse.

Amayi a thobwa ndi mahewu, zanu n'zosiyana pang'ono. Gasi wanu amapangika momwemo chakumwa chikamasasa, ndipo kukatentha chimasasa msanga. Choncho botolo likayamba kulimba, masulani chitsekerero pang'ono apume, musadikire kuti lifufume. A tcheyamani, mabotolo awiri ndabwera nawo, lina lili panja padzuwa chifikireni. Tikatha tikatsegulire panja, pano tinganyowetse mabuku a alembi.