Tisaiwale Amene Anatsogola Kuswa Mphanje pa Kasungu

Tikuthokoza Mulungu kuti tamaliza kufunga bwino. Komiti yatipempha kuti tinenepo mawu pang'ono za chiyambi cha malo ano.

Ana athu akamaona sitolo ndi malole a fodya amayesa kuti tauni ino inali chonchi kuyambira kale. Ayi ndithu. Kuno kunali kwa Mwase, mfumu ya Achewa, m'tsinde mwa phiri lija tikuliona tikatuluka mumzikiti. Cha m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika ku Nkhotakota, amalonda ake ankadutsa kuno polowera ku Luangwa. Ena mwa iwo anali Asilamu. Tisabise, abale: pamodzi ndi minyanga ya njovu ankatenganso akapolo.

Mu December 1895 asilikali a Angerezi anathira nkhondo Mwase namugonjetsa. Anamanga linga lotchedwa Fort Alston, ndipo boma la Kasungu linayambira pamenepo.

Koma chimene chinadzaza dera lino ndi fodya. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti anatsegulidwa mbali zonse, ndipo ankafuna manja. Makolo athu ambiri anabwera nthawi imeneyo kuchokera ku Mangochi, ku Machinga ndi ku Mulanje, atanyamula mphasa ndi mphika basi. Anakhala matenanti. Ankazula zitsa, kumanga zigafa, kusoka fodya mpaka usiku. Chimanga ankalandira pangongole kwa kapitawo, ndipo fodya akagulitsidwa, ena ankapeza kuti ngongole yadya zonse. Ena anabwerera kwawo. Ena anapirira, napita kwa mafumu kukapempha malo, ndipo Achewa anawalandira. Swala ankaswalira pansi pa mtengo, kenaka m'kanyumba kofolera ndi udzu.

Funso lathu lero ndi ili: mayina awo tikuwadziwa? Mbiri ya Mwase inalembedwa m'mabuku. Dzina la Alston nalonso lilimo. Nanga tenanti uja amene anazula chitsa choyamba? Ambiri ali m'manda opanda chizindikiro, ndipo okalamba amene angatiloze kuti apa pagona uje akutha mmodzimmodzi.

Choncho komiti yagula kaundula. Tikupempha banja lililonse kuti masiku ano a Idi, mukatha kudya mpunga, mukhale pansi ndi agogo. Afunseni kuti anachokera mudzi uti, anafika chaka chanji, esiteti yake inali iti, ndipo mfumu imene inawapatsa malo ndani. Anyamata a ku madrasa, tengani zolembera. Musalembe Asilamu okha ayi; lembaninso anansi achikhristu amene anagwira nawo khasu limodzi. Musaiwale amayi amene ankasoka fodya ali ndi mwana kumbuyo.

Idi ya chaka chamawa, Insha Allah, tidzawerenga mayinawo pano ndi kuwachitira duwa.

Idi yabwino kwa nonse.