Kagaru Kokana Cakudya

Madzulo ano ndifuna kuyankha kalata yocokera kwa mai wina wa ku Kitwe, amene amuna ao agwira nchito pansi pa mgodi. Maiwa ali ndi kagaru ka m'nyumba, kaja ka ubweya wambiri ndi miyendo yaifupi. Alemba kuti kagaruko kakana nsima, kakana mpunga, kangofuna nkhuku yokazinga ya pa mbale ya bambo. Tsono bambo atopa nazo, ndipo anena kuti m'nyumba mwao garu sangadye bwino kuposa ana. Kakapanda kuleka mwano umenewu kacoke. Ana alikulira, ndipo mai afunsa kuti, "Kodi ndicite ciani?"

Mai, musataye mtima. Akulu anati garu wamkota sakandira pacabe, ndipo kagaru nakonso sikakana cakudya popanda cifukwa. Zifukwa zazikulu ziripo ziwiri: kapena kalikudwala, kapena eni ace anakaphunzitsa okha kusankha, osadziwa.

Tiyambe ndi matenda, pakuti pamenepa pali moyo. Garu wamsinkhu ali ndi mano 42, ndipo kagaru kali nao onsewo m'kamwa mopapatiza, motero apanikizana, zotsala za cakudya zikanirira pakati pace, ndipo nkhama zitupa. Kagaru kotero kabwera ku mbale ndi njala, kanunkhiza, nkubwerera, cifukwa kutafuna kuwawa. Tukulani mlomo wace muone. Nkhama zikakhala zofiira ndi zotupa, bvuto ndi mano. Zikakhala zoyera, ganizani za matenda a nkhupakupa kapena njoka za m'mimba, pakuti zonsezi zitha magazi. Kagaru kakatha tsiku lathunthu osadya kanthu, kapena kakasanza ndi kutsekula m'mimba, mukatengere kwa dotolo wa ziweto. Kamwana ka garu ndiye musakadikire tsiku kuti lithe, cifukwa shuga wa m'magazi ace atsika msanga ndipo kakomoka. Koma garu wosintha makhalidwe mwadzidzidzi, wocuca dovu ndi wolephera kumeza, musampise dzanja m'kamwa ai. Mtsekereni, ndipo muitane a ziweto, pakuti cingakhale ciwewe.

Ngati dotolo apeza kuti kali bwino, mlandu ubwerera kwa ife eni. Taganizani umo ziyambira. Tsiku lina kagaru sikatsiriza nsima yace, ndipo mai pocita cifundo akapatsa kanthuli. Mawa kakananso, ndipo alonjeza zoposa. Pakutha sabata kaphunzira kuti wokana ndiye alandira nkhuku. Kagaru si kopusa. Kalikucita cimene tinakalipira.

Mankhwala ace ndi awa. Ikani mbale kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, nthawi yomweyo ndi malo omwewo. Mulekeni kwa mphindi 15, osakanyengerera ndi osakaimirira pamutu. Nthawi ikatha cotsani mbale, kadya kapena sikadadye, ndipo kasalandire kanthu kena koma madzi okha kufikira cakudya cinaco. Kawirikawiri kagaru kopanda matenda kagonja pa masiku awiri kapena atatu. Koma lamuloli ligwira nchito pokhapo nyumba yonse ibvomerezana. Mwana mmodzi woponya citumbuwa pansi pa tebulo apasula zonse.

Tsono kunena za muyeso, ambiri tilakwa pamenepa. Garu wa makilogalamu 30 alemera kasanu ndi kamodzi kuposa kagaru ka makilogalamu 5, koma cakudya cace cingoposa ca kagaruko pafupifupi kanai. Ndiko kunena kuti thupi laling'ono litentha cakudya msanga, pamene mimba yace iri yocepa. Cifukwa cace kagaru kafuna cakudya cocepa koma camphamvu. Mukakadzazira mbale ya nsima ngati ya garu wa alenje, kasiya yambiri, ndipo inu muyesa kuti kakana, cikhalireco kakhuta.

Kagaru kamsinkhu ka makilogalamu 5 mungakaphikire motere pa tsiku limodzi. Tengani nyama ya nkhuku kapena ya ng'ombe yopanda mafuta ambiri, yokwana magalamu 100 itapsa, ndiyo nthuli yonga cikhatho canu. Iphikeni m'madzi okha, popanda mcere, popanda anyezi, popanda tsabola, ndipo muiduledule tizidutswa. Onjezani theka la kapu ya mpunga wophika, kapena nsima yofewa ya muyeso womwewo, masipuni atatu a dzungu lophika, ndi kasipuni ka tiyi ka mafuta ophikira. Sakanizani bwino lomwe kuti kasathe kutola nyama yokha, ndipo mugawe pawiri. Masiku ena m'malo mwa gawo la nyama ikani dzira lowiritsa, kapena kapenta amene mwayamba mwamviika m'madzi kuti mcere ucoke. Ciwindi ncabwino, koma kacidutswa kokha kawiri pa sabata, pakuti cikacuruka cipweteka mapfupa.

Cinthu cimodzi musaiwale. Nyama ndi nsima ziribe kasiamu wokwanira, ndiye amene amanga mapfupa ndi mano. Wiritsani makoko a mazira, muwaumitse, muwasinje mu mtondo kufikira akhale ngati ufa, ndipo muwaze limodzi la magawo anai a kasipuni ka tiyi pa cakudya ca tsiku lonse. Cimene tinali kutaya kudzala ndico cilimbitsa miyendo ya kagaru.

Garu adya ndi mphuno koposa lilime. Motero cakudya cozizira ca dzulo sicimkoka, koma mukacifunditsa pang'ono ndi kuthirapo msuzi uja munaphikira nyama, pfungo likwera ndipo abwera yekha. Yesani ndi cala kuti cisatenthe. Ngati muli ndi firiji, cophika cikhala masiku atatu. Ngati mulibe, phikani ca tsiku lomwelo. Ndipo posintha cakudya musacite tsiku limodzi. Sakanizani catsopano ndi cakale pang'onopang'ono kwa masiku 7, kuopa kutsekula m'mimba.

Ziripo zakudya zathu zimene kwa garu ziri ululu. Anyezi ndi adyo, ngakhale zophika, zipasula magazi ace. Ndico cifukwa msuzi wa ndiwo zathu suyenera garu. Cokoleti ibvuta mtima wace. Mphesa, zaziwisi ndi zouma zomwe, zingaphe impso. Mapfupa ophika, makamaka a nkhuku, asweka ndi kukhala ngati minga m'matumbo. Kumbukirani kuti cimene garu wamkulu angapulumuke naco, kagaru kangafe naco, popeza thupi ndi locepa.

Cenjeraninso ndi ufa. Ena a inu mukumbukira caka ca 2024, pamene nduna ya za umoyo, Bambo Elijah Muchima, inalengeza kuti agaru pafupifupi 400 anafa m'dziko muno m'mwezi umodzi, ndipo anaganizira cimanga cokhala ndi ululu wa cuku wochedwa aflatoxin. Ululu umenewu suthawa moto, ndipo upweteka ciwindi ca garu ndi ca munthu comwe. Ufa wonunkha cinyontho, umene simungapatse ana anu, musaphikirenso garu.

Ndiyenera kunena coona pa cinthu cinanso. Kuphikira garu cakudya cokwana m'zonse si nchito yapafupi. M'caka ca 2013 akatswiri a pa University of California, Davis, anayesa maphikidwe 200 olembedwa m'mabuku ndi pa intaneti, ndipo anapeza 9 okha okhala ndi zonse zofunika m'thupi la garu. Cifukwa cace zimene ndakuuzanizi ndi poyambira cabe. Safunsa anadya phula. Ngati mufuna kuphika masiku onse, kafunseni ku ofesi ya ziweto ya m'boma lanu za mavitamini oonjezera, kapena muzisakaniza cophikaco ndi cakudya ca agaru ca m'sitolo. Ana a garu ndi agaru a bere afuna muyeso wina. Amenewo musawayesere nokha.

Tsono mai a ku Kitwe, yankho langa ndi ili. Mawa tukulani mlomo wa kagaruko, ndipo mukapeza cokaikitsa pitani kwa dotolo. Pambuyo pace sonkhanitsani ana, muwauze lamulo la mphindi 15. Bambo muwauze kuti nkhuku ya pa mbale yao yabwerera kwa iwo, ndi kuti dzira limodzi, kapenta pang'ono ndi dzungu sizidzagwetsa nyumba. Akaleze mtima masabata awiri asanaweruze mlandu. Mudzandilemberenso kuti ndimve umo zayendera.

Tsalani bwino nonse, ndi a shifiti ya usiku muyende bwino.