Maola a Woyendetsa Galimoto ya Katundu

Nkhani ya sabata ino ikuchokera m'boma la Zomba, kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, koma ikukhudza omvera onse, a ku Chitipa ngakhale a ku Nsanje, pakuti palibe mudzi m'dziko muno umene sulandira katundu wobwera pa galimoto. Mchere, sopo, feteleza, mankhwala a kuchipatala, ngakhale phukusi limene mwana wa ku Johannesburg watumizira mayi ake, zonsezi zimafika chifukwa munthu wina anachezera pa chiwongolero anzake ali m'tulo.

Doko la Kachulu lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Zomba. Apa mpamene mabwato a ku chilumba cha Chisi amakocheza, ndipo matemba, milamba ndi makumba zimayambira pomwepa ulendo wopita ku misika ya ku Zomba, ku Limbe ndi kwina. Mpunga wa ku masikimu a Likangala ndi Domasi nawo umatuluka m'chigwa chomwechi. Poyang'ana mtunda wokha, ulendo wa ku Kachulu ngwaufupi. Chimene chimadya mphamvu za dalaivala ndi kudikira. Iye amafika padoko m'mamaŵa, nakhala mpaka amalonda atagula nsomba, atazilonga m'madengu ndi m'matumba, ndiponso atamvana za mtengo wonyamulira. Galimoto yosadzaza siinyamuka, popeza mafuta sangabwezeke. Dzuŵa limapendeka iye ali pomwepo, osagona poopa kuti katundu angasoŵe kapena mnzake angamulande makasitomala. Ikadzaza, ulendo umakhala wa usiku kuti nsomba zikapezeke pamsika kukamacha. Tsono mwini galimoto poŵerenga ntchito amaŵerenga maola amene mateyala anagudubuzika. Kudikira konse kuja amakuyesa kupuma.

Nyanja ya Chilwa ilinso ndi khalidwe lake. Njosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Nsomba zikachepa katundu amachepa, ndipo dalaivala wolipidwa pa ulendo amayamba kuthamangira ulendo uliwonse umene waumva, usana ndi usiku. Madzi akachuluka, monga zinachitikira namondwe Freddy atawomba mu 2023, vuto limakhala matope ndi milatho yokokoloka.

Kudandaula kwa onyamula katundu si kwa lero. Galimoto zisanabwere, katundu wa boma la atsamunda ndi wa kampani ya Mandala ankayenda pa mitu ya amtengatenga, ndipo makalata ankatengedwa ndi amtokoma oyenda pansi. Malole atabwera, mtolo unachoka pamutu koma maola sanafupike. N'chifukwa chake n'zosadabwitsa kuti limodzi mwa mabungwe oyambirira a anthu akuda apantchito m'dziko muno linali la madalaivala, limene a Lawrence Makata ndi a Lali Lubani anayambitsa ku Blantyre m'chaka cha 1949.

Nanga malamulo akuti chiyani? Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limanena kuti maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata. Munthu akagwira maola owonjezera pa tsiku lantchito, ola lililonse alipidwe malipiro a ola limodzi ndi theka. Akagwira pa tsiku lake lopuma kapena pa tsiku la tchuthi cha boma, malipiro a olalo aŵirikizidwe kaŵiri. Lamulo lina, la m'chaka cha 1996, limapatsa wantchito aliyense ufulu woloŵa bungwe la apantchito, ndipo ndilo limalongosola za kayendetsedwe ka khoti loweruza milandu ya pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito. Kunja kwa dziko lino, bungwe la ILO linagwirizana mu 1979 kuti woyendetsa galimoto yamalonda asayendetse maola oposa anayi osapumira, asapitirire maola 9 pa tsiku, ndipo apume maola 10 otsatizana tsiku lililonse. Pa pepala zonsezi n'zomveka bwino. Koma pa sabata yotanganidwa, dalaivala wa pa mseu wa Kachulu angathe kukwanitsa maola 48 aja lisanafike Lachinayi.

Pali chifukwa chimene akatswiri anaikira malire ameneŵa. Ofufuza a ku Australia anaonetsa m'chaka cha 1997 kuti munthu amene wakhala maso kwa maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi munthu amene wamwako moŵa, ndipo akafika maola 24 amakhala ngati woledzera amene lamulo silimulola kuyendetsa. Choopsa kwambiri ndi katulo kobera, kamene kamagwira munthu kwa kamphindi maso ali chitsegulire. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Munthu akasinza masekondi anayi okha, galimotoyo yayenda pafupifupi utali wa bwalo la mpira popanda woiwongolera. Ndipo m'mbali mwa miseu ya kuno mumayenda ana asukulu, amayi osenza nkhuni ndi anyamata a njinga zolemedwa ndi madengu a matemba. Madalaivala ali ndi njira zawo zolimbana ndi tulo: kutafuna chingamu, kutsegula zenera, kukweza wailesi, kumwa zakumwa zopatsa mphamvu. Zonsezi zimangonyengerera thupi kwa kanthaŵi. Wapolisi wa pamseu angathe kuyeza moŵa, angathe kuona laisensi ndi mateyala, koma alibe chida choyezera tulo.

Madalaivala a malole akuluakulu, amene amatenga mafuta ndi katundu ku madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, anaonetsa mphamvu zawo m'zaka za 2019, 2020 ndi 2021 pamene ananyanyala ntchito. Madandaulo awo anali malipiro ochepa, kukwera mtengo kwa ziphaso zoyendera, ndiponso, m'nthaŵi ya mliri wa Covid-19, ndalama zoyezetsera matendawa pa zipata. Boma linaika K140,000 pa mwezi kukhala malipiro ochepetsetsa a dalaivala wa lole yaikulu yodutsa malire, ndipo chimodzi mwa zimene zinabutsa sitalaka ya mu 2021 chinali chakuti mabwana ena sankapereka ndalamayo. Malole ataima masiku oŵerengeka, mizere ya galimoto inayamba kuoneka pa malo omwetsera mafuta. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo, kulola olemba ntchito kudula malipiro a wantchito amene wanyanyala masiku oposa atatu pa chaka, zimene bungwe la MCTU linatsutsa. Chodziŵika pa sitalaka zonsezi n'chakuti mfuu yaikulu inali ya ndalama. Ya maola ndi kupuma inamveka pang'ono, mwina chifukwa munthu wolandira zochepa amaona ulendo wowonjezera ngati mwayi, osati ngati chilango.

Ku America nkhondo yomweyi inafika pena. Antchito a kampani yotumiza maphukusi ya UPS, amene ali m'bungwe la Teamsters, ananyanyala ntchito kwa masiku 15 m'chaka cha 1997, ndipo anali anthu pafupifupi 185,000. Mu 2023, sitalaka ina itatsala pang'ono kuyamba, anasainirana pangano lokhudza antchito 340,000, ndipo mwa zina kampaniyo inavomera kuti galimoto zatsopano zikhale ndi makina oziziritsira mpweya, popeza madalaivala ankakomoka ndi kutentha. Kumeneko makina amaŵerenga mphindi iliyonse ya dalaivala, ndipo dandaulo n'lakuti amalondedwa mopitirira. Kuno dandaulo n'losiyana: palibe amene amaŵerenga konse.

Makampani otumiza maphukusi achuluka m'mizinda ya Malaŵi, ndipo ambiri amalonjeza kuti katundu woperekedwa madzulo ku Blantyre akafika ku Lilongwe kapena ku Mzuzu maŵa lake. Lonjezo lotere limakwaniritsidwa ndi munthu woyenda usiku pa mseu wa M1, amene kaŵirikaŵiri ndiyenso wokweza katundu, wotsitsa, wosainitsa, ndi wolandira mkwiyo wa mwini phukusi likachedwa. Kanthu kakasweka kapena kusoŵa, si zachilendo kuti akadulidwe pa malipiro ake.

Koma amene ali kutali kwambiri ndi chitetezo ndi aja a kugombe la Chilwa. Woyendetsa kapikapu ka munthu wamba, mnyamata wothandizira pa lole, wakabaza wa njinga yamoto, ambiri mwa iwo alibe kalata ya ntchito, ndipo bungwe la apantchito amangolimva pa wailesi. Ena amauzidwa ndalama imene ayenera kupereka kwa bwana tsiku lililonse, zotsalazo ndizo zawo. Pamenepo bwana safunikanso kuwakakamiza, popeza ngongole ya tsikulo ndiyo kapitawo. Komabe lamulo la za ntchito silinena kuti pangano la pakamwa si pangano. Wolembedwa ntchito, ngakhale mopanda kalata, angathe kukadandaula ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake, ndipo ku Zomba ofesiyi ilipo. Nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti lija. Chimene chimagwetsa milandu yambiri yotere ndi kusoŵa umboni, pakuti bwana amanena zake, wantchito zake. Dalaivala amene amasunga kope, nalembamo tsiku, nthaŵi imene wafika pa Kachulu, nthaŵi imene wanyamuka, ndi nthaŵi imene watsitsa thumba lomaliza ku Limbe, amaloŵa mu ofesimo ali ndi chogwira m'manja.